M'mimba Mukakhala Zii, Chitseko Atsekula Ndani?

Ana anga, akuluakulu amene adatilera adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo mwambi umenewu watisunga zaka zambiri, chifukwa udatiphunzitsa kuti mwini vuto asagone n'kumadikira kuti mnzake wa pamphasa ndiye amudzukire, koma adzuke yekha, afufuze mpiringidzo mumdima, atuluke. Malungo akabwera amabwera ndi phokoso, mutu kuwawa, thupi kunjenjemera ngakhale dzuwa lili paliwombo. Dzino likabooka silikulola kugona. Mwana akatsekula m'mimba nyumba zoyandikana zimadziwa kusanache. Matenda amene tidakula nawo amagogoda asanalowe, n'chifukwa chake tonsefe, ophunzira ndi osaphunzira omwe, tidazolowera kuti kuchipatala amapita munthu amene akumva kupweteka, moti ukakumana ndi munthu wa thupi losalala akulowera njira ya kuchipatala umamufunsa kuti, "Kodi mukukazonda ndani?" Koma lero ndakuitanani kuti tikambirane za nthenda imene mwambi uja umatisocheretsa nayo, nthenda imene imalowa m'mimba muli zii, n'kukhala zaka, mwini wake akulima, akusinja, akuimba kwaya, mpaka tsiku limene ayamba kumva, ndipo pofika tsiku limenelo chitseko chimatsekulidwa kunja kutada kale.

Ndikuona ena mwa inu mwayamba kale kukodolana, kuti kodi malume alowa bwanji m'nkhani za kutsimba, nkhani zimene eni ake ndi anankungwi ndi azamba, ndipo sindikutsutsani, pakuti bongololo sadzolera mafuta pagulu, ndipo zilipo zinthu za thupi la mayi zimene mwamuna wolongosoka satchula pabwalo. Koma malume ndiye mwinimbumba. Mlongo wake akadwala uthenga umayamba wafika kwa iye, maliro akagwa ndiye amaimirira kulongosola chidatsitsa dzaye, ndipo adzukulu amene amanyamula makasu kulowera kumanda m'bandakucha ndife amuna omwewa. Ngati tili ndi mphamvu zokumba dzenje, tikhalenso ndi mphamvu zotchula dzina la chimene chikutikumbitsa, ndipo dzina lake ndi khansa ya khomo la chiberekero.

Inu achichepere simudaone zaka zimene ife tidaona. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi muno adapezeka mu 1985, ndipo pofika zaka za m'ma 1990 akalipentala ambiri adasiya kukhoma mipando n'kumakhoma mabokosi, makasu a kumanda sankachita dzimbiri, ndipo agogo amene ankayembekeza kuikidwa ndi ana awo ndiwo ankaika ana awo, n'kutsala ndi adzukulu odzaza khonde. Kenaka mu 2004 boma lidayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala, ndipo mu 2011 dziko lathu lino lidachita chinthu chimene mayiko ena adadzatengera pambuyo, kunena kuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo, azimwa moyo wake wonse, osadikira kuti chitetezo chake chiyambe chatsika. Tidaona ndi maso athuwa anthu amene tidali titawalira kale akudzuka pamphasa, masaya akubwerera, akusenzanso ndowa kuchokera kumjigo, akubereka ana opanda kachilombo, akuvina paukwati wa ana awo, ndipo tidapuma, tidati mvula ija yakata.

Ndiye taonani zimene zikuchitika tsopano. Mayi amene wamwa mankhwala ake zaka 10 osaphonya, amene kuchipatala amamuyamikira kuti tizilombo m'magazi mwake tagona, amene thupi lake likuwala kuposa la anzake opanda kachilombo, ayamba kuonda, ayamba kudandaula msana, asiya kupita kutchalitchi, ndipo miyezi ingapo ikadutsa timva kulira. Pamaliro pake anthu, monga mwa chizolowezi chawo, ayamba kunong'onezana kuseri kwa nkhokwe, uyu akuti ayenera kuti adasiya mankhwala, uyo akuti mkazi mnzake ndiye adamuchita chipongwe, wina akuti mankhwala omwewo ndiwo adamuwononga m'kati, aliyense akulankhula motsimikiza ngati iye ndiye ankamudwazika. Koma mayiyo sadasiye mankhwala, ndipo palibe adamulodza. Adapulumuka kwa mdani amene tonse tinkamuloza chala, n'kugwidwa ndi wina amene palibe adamuuza kuti amayenda njira imodzi ndi woyamba uja.

Mdani wachiwiriyu ndi kachilombo kotchedwa HPV, kosiyana kotheratu ndi HIV. Amene adatsimikiza kuti khansa imeneyi imayamba ndi kachilomboka adali dokotala wa ku Germany, Harald zur Hausen, amene mu 1983 ndi 1984 adapeza mitundu yake iwiri, ya nambala 16 ndi 18, m'tinyama tochotsedwa pa amayi odwala, pa nthawi imene akatswiri anzake ambiri ankaloza kachilombo kena. Mu 2008, pomupatsa mphotho ya Nobel, adamugawanitsa ndi Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier a ku France, amene adatulukira HIV, ndipo ine ndikaganiza zimenezi ndimati mphothoyo idagawidwa moyenera, chifukwa tizilombo tiwiriti timakumana m'thupi la mayi mmodzi kuno ku Africa kuposa kwina kulikonse. Mitundu ya HPV ilipo yoposa 200, yambiri ndi yosavulaza, ina imangobweretsa njerewere kumaliseche, koma ilipo yoposa 10 imene imatha kubala khansa, ndipo iwiri ija yokha imayambitsa pafupifupi 70 mwa matenda 100 aliwonse a khansa imeneyi padziko lonse.

Tsono mverani bwino apa, chifukwa apa ndi pamene lilime limakonda kutsogolera nzeru. Kachilomboka kamapatsirana mwamuna ndi mkazi akakhala malo amodzi, ngakhale pongokhudzana khungu la kumaloko, ndipo n'kofala kwambiri moti pafupifupi munthu aliyense amene adalowa m'banja kapena adadziwapo mnzake amakumana nako nthawi ina pamoyo wake, mayi busa ndi mayi wa kumsika chimodzimodzi. Mwamuna amakanyamula osadziwa, alibe chilonda, alibe kuyabwa, ndipo mkazi amene adadziwa mwamuna mmodzi yekha moyo wake wonse angathe kukalandira pamphasa ya ukwati wake womwewo. Choncho amene amati mayi wodwala khansa imeneyi ndiye kuti ankayendayenda akunena bodza, ndipo ndi bodza lakupha, chifukwa ndilo limachititsa amayi kubisa. Kwa anthu ambiri thupi limakathamangitsa lokha. Mwa anthu 10 amene akatenga, 9 amakhala atakachotsa pasanathe zaka 2, osamwa kalikonse, osadziwa n'komwe kuti kadabwera. Vuto limayamba kakakana kuchoka.

Inu alimi mumamudziwa kaufiti. Njere zake ndi fumbi chabe, zimagona m'nthaka zaka zambiri, ndipo m'munda wa chonde chimanga chimakula n'kumupitirira, koma m'munda woguga amagwira mizu pansi pomwe diso silifika, n'kumayamwa mwakachetechete, moti pamene timaluwa take tofiira tikuonekera pamwamba, chimanga chafooka kale. Ndi mmene HPV imachitira m'thupi limene HIV yachepetsa asilikali ake. Kachilombo kamene kakadachoka kamakhazikika pakhomo la chiberekero, kamayamba kusintha khungu la pamenepo pang'onopang'ono, ndipo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chodwala khansa imeneyi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe. Amatinso kwa mayi wa chitetezo chokwanira nthendayi imatenga zaka 15 mpaka 20 kuti ifike pokhala khansa yeniyeni, koma chitetezo chikafooka, makamaka munthu asanayambe ma ARV, ulendo womwewo umatha m'zaka 5 mpaka 10, n'chifukwa chake nthenda imene tinkaiyembekeza mwa amayi a imvi lero tikuiona mwa amayi amene mwana wawo woyamba sanamalize pulayimale. Madokotala a ku America adaziona kalekale zimenezi, moti mu 1993 adailemba khansa imeneyi pamndandanda wa matenda osonyeza kuti HIV yafika pa Edzi.

Wina afunsa kuti nanga ma ARV aja sakwanira? Amathandiza, ana anga, amathandiza kwambiri, ndipo mayi amene adayamba msanga n'kumamwa mokhulupirika amalipatsa thupi mphamvu zothamangitsa HPV ndi zochedwetsa kusintha kuja, choncho pasapezeke wina wochoka pano n'kukanena kuti malume ati mankhwala ndi achabe. Koma ambiri adayamba mankhwala chitetezo chitatsika kale, kaufiti atagwira kale mizu, ndipo manyowa obwera pambuyo samuzula. Ngakhale amayi amene tizilombo tawo sitikuonekanso m'magazi, chiopsezo chawo chimakhalabe pamwamba pa cha amayi ena. Ndipo pali china chimene chimandiwawa mtima ndikachiganiza usiku: mankhwala awapatsa amayi athu zaka zambiri za moyo, ndipo zaka zimenezo ndi zomwenso khansa imafuna kuti ikule. Kale Edzi inkawatenga khansa isanafike. Lero tawalanditsa kwa Edzi, ndipo tikangokhala manja lende ndiye kuti tikuwasungira khansa.

Musaganize kuti ndikukuza nkhani ya mudzi umodzi. Akatswiri owerengera matenda a khansa padziko lonse adati m'chaka cha 2020 chokha amayi oposa 4,000 m'Malawi muno adagwidwa ndi khansa imeneyi ndipo pafupifupi 3,000 adamwalira nayo, ndiye kuti dzuwa lililonse likamalowa amayi pafupifupi 8 apita, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Malawi, Zambia ndi Eswatini ali pamwamba penipeni pa mayiko onse. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 adapezanso kuti mwa amayi 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi HIV, pamene mwa abambo ndi 7. Ikani manambala amenewa pamodzi, muona chifukwa chake khansa imene ikuzilala kumayiko ena ndiyo ikutsogolera khansa zonse za amayi kuno kwathu.

Chimene chimandipatsa mphamvu yolankhula n'chakuti zaka zimene nthendayi imakhala chete ndizo zaka zimene ingagwidwe mosavuta, ndipo chida chake choyamba si chachilendo ayi, ndi viniga. Namwino amamugoneka mayi pabedi, amalowetsa kachipangizo kotsekula njira kuti aone khomo lija, amapakapo viniga ndi thonje, amadikira mphindi imodzi, ndipo malo amene ayamba kusintha amayera mbuu. Malo oyerawo kawirikawiri si khansa, ndi chenjezo chabe, ndipo akachotsedwa nthawi imeneyo khansayo imakhala yatsekerezedwa isanabadwe. Unduna wa Zaumoyo udayamba kufalitsa kayezedwe kameneka mu 2004. Poyamba malo oyerawo ankawaumitsa ndi mpweya wozizira wa m'mabotolo aakulu a chitsulo, olemera ponyamula, odula, osachedwa kutha, koma kuyambira mu 2013 chipatala cha Nkhoma, mogwirizana ndi madokotala a ku Scotland, chidaonetsa kuti kachitsulo kotenthetsa kamagwira ntchito yomweyo, kongokhudzitsa pamalopo nthawi yosakwana mphindi imodzi, ndipo njira imeneyi idafalikira kuzipatala zambiri, pakuti mlendo ndiye ayenda ndi kalumo kakuthwa. Malo akakhala aakulu, monga zimachitikira kawirikawiri kwa amayi amene ali ndi HIV, amatumiza kuchipatala chachikulu kuti akawadule ndi kawaya ka magetsi. Koma ambiri amayezedwa ndi kuthandizidwa tsiku lomwelo, n'kubwerera kwawo ndi miyendo yawo.

Nanga ngati n'zophweka chonchi, bwanji mabenchi a kuchipinda choyezera sadzaza? Apa ndi pamene muyenera kumudziwa munthu. Mayi yemweyo amene adabereka ana 5 pamaso pa anamwino osachita manyazi, ukamuuza kuti akagone pabedi lomwelo ali bwinobwino amati, "Ine ndikavule popanda chondipweteka? Nanga akakhala dokotala wamwamuna, msinkhu wa mwana wanga?" Wina wamva kumjigo kuti akakuyeza amatulutsa chiberekero panja, amachitsuka n'kuchibwezera, wina wamva kuti kachipangizo kaja ndiko kamabweretsa khansa, wina wamva kuti akakuotcha ndiye kuti kubereka kwathera pomwepo, ndipo nkhani zimenezi zimafika mudzi wachitatu mlangizi wa zaumoyo asanapope njinga yake. Palibe choona mwa zonsezi, chiberekero sichisuntha pamalo pake, ndipo amayi amene adaotchedwa amatenga pathupi n'kubereka. Koma pansi pa zifukwa zonsezi pagona chifukwa chimodzi chimene sichitchulidwa, ndipo ine ndimachimvetsa. Mayi amene adakhalapo kale pampando wa uphungu n'kuuzidwa mawu aja amene adagwedeza moyo wake wonse, safuna kukhalanso pampando wina kuti auzidwe china. Amati, "Katundu mmodzi ndasenza kale, wachiwiriyu ndimusenza ndi mutu uti?" Sindimuseka mayi ameneyu, ndipo inunso musamuseke. Ndingomukumbutsa kuti tsiku limene adalimba mtima n'kukayezetsa magazi ndilo lidamupatsa zaka zonse zimene wakhala nazo kuchokera pamenepo, pamene anzake amene ankati bola osadziwa tidawaika kalekale, pakuti mbewa ya manyazi idafera kuuna.

A WHO, m'malangizo awo a 2021, adati mayi amene ali ndi HIV asadikire zaka 30 monga amayi ena, ayambe kuyezetsa ali ndi zaka 25, ndipo ngati njira ndi ya viniga asalole zaka 3 kudutsa asanabwererenso. Ilipo njira ina imene ikufika m'zipatala zina, yofufuza kachilombo ka HPV komweko, imene mayi amapatsidwa kamtengo ka thonje kunsonga, amalowa kuseri yekha, amadzitenga yekha chinyezi cha kumaloko n'kupereka kwa namwino, popanda womuona. Tsiku lobwereranso amalilemba m'buku la kuchipatala, ndipo tsiku limenelo lizisungidwa ndi ulemu womwe timasungira tsiku lokatenga mankhwala. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti mayi amayenda mtunda wautali, amakhala pamzere kuyambira m'mawa, amalandira mabotolo ake a miyezi 6, amawamanga pachitenje, ndipo potuluka amadutsa pakhomo penipeni pa chipinda choyezera n'kunena mumtima kuti ulendo wina, lero ndathamangira kumunda. Ulendo winawo ndi miyezi 6, ndipo ukafika kuli maliro, kapena mphale ili padzuwa, kapena mvula yazungulira, m'mimba namonso muli chete, palibe chomukankhira kuchitseko. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Nanunso a kuchipatala, ana athu amene tidakutumizani kusukulu, pomupatsa mayi mabotolo muzimuyang'ana kumaso n'kumufunsa kuti adayezetsa liti, chifukwa ambiri amangofuna munthu mmodzi wowagwira dzanja n'kuwalowetsa.

Ndipo tsiku limene thupi liyamba kulankhula, sililankhula mawu amene anthu amawamva msanga. Mayi aona timagazi akatha kukhala ndi bambo, aona magazi pakati pa mwezi nthawi yake isanakwane, kapena mayi amene adasiya kusamba zaka zapitazo aona zabwereranso, anzake n'kumamuseka kuti wabwerera utsikana. Kenaka kumabwera madzi otuluka kumaloko, osaleka, a fungo, kenaka msana ndi chinena kuwawa, mwendo kutupa, thupi kutha. Pa chilichonse mwa zimenezi tili ndi dzina lokonzeka kale: awa ndi mauka, ili ndi tsempho, uyu ndi jakisoni wolera, izi n'za anthu. Ndiye mbuzi igulitsidwa kupita kwa sing'anga, nkhuku ipita kwa wina, miyezi ithera kuphiri kokapemphera, ndipo sindikunyoza pemphero, inenso ndimagwada, koma Mulungu amene timamupempha ndi yemweyo adamupatsa nzeru namwino. Pofika ku Queens ku Blantyre, kumene a Médecins Sans Frontières adayamba kuthandiza amayi a khansa imeneyi mu 2018, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ambiri amafika nthenda itafalikira kale, mpeni wa dokotala sungathenso kuichotsa yonse, ndipo kwa zaka zambiri makina ochizira khansa a radiotherapy kunalibe m'dziko muno, moti amwayi ochepa okha ndiwo ankatumizidwa kunja, ku Tanzania, ku Kenya kapena ku India. Makinawo tsopano ayamba kufika, koma mzere wa odwala ndi wautali, ndipo madzi akatayika saoleka. Komabe musamutaye munthu. Khansa yogwidwa isanapite patali imachizika ndi opaleshoni, ndipo imene yapitirira ili ndi mankhwala ochepetsa ululu ndi fungo. Chimene chimamupha mayi asanafe ndi kumusiya yekha m'kanyumba kakuseri chifukwa cha fungo, ana ake omwe akumuikira nsima pakhomo n'kubwerera msangamsanga, ataiwala kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tsopano ndilankhule ndi inu alamu anga ndi akamwini a pamudzi pano, ndipo musayang'ane pansi. Mayi akaotchedwa, pakhomo paja pamatsala kabala kamene kamafuna kupola, amatuluka timadzi kwa masabata angapo, ndipo namwino amamuuza kuti asakhale malo amodzi ndi bambo kwa masabata 4 kapena kuposerapo. Alipo amayi amene amakana chithandizo ali pabedi pomwepo, malo oyera akuoneka, kachitsulo kali m'manja mwa namwino, n'kunena kuti, "Ndikayambe ndafunsa bambo kunyumba," ndipo ena mwa amene amapita kukafunsa sabweranso. Alipo amene amavomera, n'kukabisa, n'kukapirira usiku bala lisanapole, poopa kuti bambo akawauza kuti ndiye ndikapeza kwina. Kodi kudika kudayamba lero? Makolo athu ankadika mwana akabadwa mpaka tsiku lomutenga, ankadika maliro akagwa, ankadika anamwali akalowa, mudzi wonse, ndipo palibe mwamuna adafa nako. Masabata 4 kuti mayi wa ana ako akhale ndi moyo ndi ochepa kuposa amene agogo ako ankasunga popanda wowalembera pepala. Komanso muzikumbukira kuti kachilomboka kamalowa m'nyumba ndi miyendo yathu ife amuna, ndipo mwamuna wa nyumba ziwiri ndi zibwenzi zam'njira amatola mitundu yosiyanasiyana n'kukaitula kwa mkazi amene chitetezo chake n'chochepa kale. Mapanga awiri avumbwitsa, koma pano wovumbwa kwambiri ndi amene adakhala panyumba. Kondomu imachepetsa ngakhale siitseka kotheratu, mdulidwe wa kuchipatala umachepetsanso, ndipo fodya wosuta amaonjezera chiopsezo kwa mayi. Mwamunanso sapulumuka nthawi zonse, chifukwa HPV yomweyo imabala khansa ya kumaliseche kwa abambo ndi ya kukhosi. Ndipo mayi amene wathandizidwa ayenera kukaonedwanso chaka chikatha, chifukwa kwa amene ali ndi HIV malo oyera aja amakonda kubwerera. Amene ayenera kukumbukira tsikulo ndi kupereka ndalama ya ulendo ndi iwe bambo.

Nkhanga zidapangana kusanapse, ndipo kupangana kwathu ndi katemera. Katemera wa HPV adayesedwa koyamba kwa atsikana a ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013, ndipo mu Januwale 2019 adayamba kuperekedwa dziko lonse kwa atsikana a zaka 9. Makolo ena amafunsa kuti mwana wosatha msinkhu akum'bayiranji katemera wa matenda a akuluakulu, ndipo yankho lake n'lakuti katemerayu sachotsa kachilombo kamene kalowa kale, amangotseka njira kasanafike, choncho m'mera mpoyamba. Ena amabisa ana tsiku limene anamwino akubwera kusukulu, akuti ndi njira yolera yobisika, akuti akufuna kutseka mimba za ana athu, koma katemerayu wakhala akubayidwa padziko kuyambira mu 2006, atsikana mamiliyoni adalandira, ndipo oyamba aja lero ali ndi ana kumsana. Ku Scotland komwe kuja adayamba kubaya atsikana mu 2008, ndipo mu 2024 atawerenga adapeza kuti mwa amene adabayidwa ali ndi zaka 12 kapena 13 palibe ndi mmodzi yemwe amene adapezeka ndi khansa imeneyi. Chimene chimatseka mimba si katemera, ndi khansa imene imafikitsa dokotala pochotsa chiberekero chonse mwa mayi wa zaka 30.

Alipo ana ena amene ndimawaganizira kwambiri, ndipo nthawi zambiri palibe amawatchula pankhani imeneyi. Ndi atsikana amene adabadwa ndi kachilombo, makamaka amene adabadwa chisanafike chaka cha 2011, ambiri a iwo amayi awo adapita, adakulira m'manja mwa agogo kapena azakhali, adayamba kumeza mapiritsi asanadziwe kuwerenga. Kwa atsikana ena jakisoni mmodzi angakwanire, koma a WHO amati mtsikana amene ali ndi HIV alandire osachepera awiri, ndipo ngati n'kotheka atatu, chifukwa thupi lake limafuna kukumbutsidwa. Ena a iwo adapitirira kale msinkhu wa katemera, ena akwatiwa, ena akuyandikira zaka 25, ndipo agogo amene adawalera sadamvepo dzina la HPV, bambo wowapeza safunsa, mwamuna wawo ndi mnyamata amene sadziwa kanthu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanji wa mlongo wako. Inu amene muli ndi mbumba, muitaneni mlongo wanu wamkulu kapena mayi wodalirika wa pabanja, mukhale naye pansi, muwerenge mayina a amayi ndi atsikana onse a m'mbumba mwanu amene amamwa mankhwala, ndipo iye akawafunse mmodzimmodzi, mwaulemu ndi mwachinsinsi, kuti buku lawo la kuchipatala lalembedwa chiyani za katemera ndi za kuyezetsa. Amene buku lake lili lopanda kanthu, mumupatse ndalama ya kabaza yopita ndi yobwerera, mumupezere mnzake womuperekeza, ndipo tsiku limenelo ana, mbuzi ndi nsima ya masana aziona ena.